Mutu 11: Chala Chakuphazi Chikamayankhira Chikhodzodzo

Pa benchi ya chipatala chaching'ono chilichonse m'boma la Phalombe, kaya ndi ku Nambazo, ku Mpasa kapena ku Nkhulambe, pali dandaulo limene silinenedwa mokweza. Wa malungo amanena zake poyera. Wa chilonda amachita kuvundukula nsalu kuti aliyense aone. Koma amene mkodzo ukumupulumuka amakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, atapinda chitenje chachiwiri n'kukhalira, ndipo akalowa kwa adokotala amayamba ndi za mutu kapena msana. Nkhani yeniyeni imatuluka atagwira kale chitseko: "Komanso adokotala, madziwa sakumandimvera."

Tiyerekeze kuti m'mawa umodzi anthu atatu anena mawu omwewa. Woyamba ndi mayi wachitsikana amene anavutika masiku awiri pobereka, mwana n'kupitirira, ndipo kuyambira pamenepo mkodzo umangoyenderera usana ndi usiku iye osamva n'komwe. Wachiwiri ndi bambo amene wakhala akuwedza ku Chilwa kuyambira ali mnyamata, amene anakodza magazi zaka zambiri n'kumaona ngati ndi mmene mwamuna amakulira, ndipo tsopano amapita kuseri kawirikawiri n'kumangotulutsa timadontho. Wachitatu ndi mayi wa zaka za m'ma 40, mphunzitsi, amene mkodzo umamugwira mwadzidzidzi ngati mphezi, moti asanafike kuchimbudzi cha pasukulu amakhala atanyowa kale. Amuyeza, alibe bowo, alibe tizilombo, alibe shuga, mankhwala wamwa koma osasintha.

Kumayiko olemera kuli chithandizo chogwiritsa ntchito timagetsi tochepa kwambiri todzutsa mitsempha ya chikhodzodzo. Mwa atatuwa, mmodzi yekha ndiye angapindule nacho. Mutu uno ukukamba za mmene madokotala amadziwira kuti ndi uti, asanaononge ndalama ndi thupi la munthu.

Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu limene mwa munthu wamkulu limasunga mamililita pakati pa 400 ndi 500, ngati botolo laling'ono la madzi ogula. Koma thumbali silidzilamulira. Likamadzaza limatumiza uthenga kudzera m'mitsempha imene imalowa mumsana pa fupa lambalambanda la pakati pa chiuno, pamwamba pang'ono pa matako, limene madokotala amati sacrum. Fupali lili ndi timabowo kumanja ndi kumanzere, ndipo mitsempha yotulukira pa kabowo kachiwiri, kachitatu ndi kachinayi, imene amaitchula S2, S3 ndi S4, ndiyo imalumikiza chikhodzodzo ndi ubongo. Apa tisasokoneze: m'Chichewa mawu akuti mtsempha amanenanso njira ya magazi, koma imene tikunena pano ndi ija yonyamula mauthenga, ija imachititsa dzanzi mukagunda chigongono pa tebulo.

Uthenga ukafika kumtunda, ubongo umayang'ana kaye kumene muli. Ngati muli pa maliro kapena m'minibasi ya ku Limbe, umayankha kuti dikira. Mukafika poyenera, umalamula zinthu ziwiri nthawi imodzi: thumba lifinye, khomo litseguke. Mwana wakhanda alibe ulamuliro umenewu, amauphunzira. Ndipo mwa anthu ena akuluakulu kukambirana kumeneku kumasokonekera. Kwa ena thumba limakuwa kuti ladzaza pamene muli madzi ochepa, n'kufinya lisanaloledwe. Kwa ena khomo limakana kutseguka, munthu n'kumakhala ndi mkodzo wodzaza mimba osatuluka mpaka amuike paipi. Thumba lili bwinobwino, khomo lili bwinobwino, chavuta ndi mthenga wa pakati.

Madokotala awiri a ku San Francisco, Emil Tanagho ndi Richard Schmidt, ndiwo anakhalira khonde nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Poyamba ankafuna kugwiritsa ntchito magetsi kufinya chikhodzodzo cha anthu opuwala msana. Zimene anapeza m'njira zinali zina: timagetsi tofooka, toyenda mosalekeza pafupi ndi mtsempha wa S3, timakhazika pansi mauthenga osokonekera aja. Kampani ya Medtronic inapanga kachipangizo kotchedwa InterStim, kamene kanaloledwa ku Ulaya mu 1994 ndipo ku America mu 1997. Ku America komweko, mu 1999 anakalola kuthandizanso anthu amene mkodzo umawakanirira, ndipo mu 2011 anthu amene chimbudzi chimawapulumuka. Kampani ina, Axonics, inabwera pa msika wa ku America mu 2019 ndi batire lotheka kulitchaja lili m'thupi momwemo. Kachipangizoka ndi kabatire kokwiriridwa pansi pa khungu kumtunda kwa thako, ndi kawaya kopyapyala kolowa pa kabowo ka S3. Dzina la chithandizochi ndi sacral neuromodulation.

Chodabwitsa n'chakuti magetsi omwewo amathandiza wokodza pafupipafupi ndi wolephera kukodza, mavuto awiri otsutsana. Asayansi mpaka lero amakanganabe za mmene zimachitikira. Ambiri amati magetsiwo salamula mnofu mwachindunji, koma amakonza uthenga wokwera kupita ku ubongo, ngati munthu amene akupotoza wailesi kuti phokoso lichoke mawu amveke.

Nanga bwanji osangomuika aliyense? Mtengo wake ndi madola masauzande ambiri pa munthu mmodzi. Komanso walira mvula walira matope: kawaya kamatha kusuntha, bala limatha kutukusira, pamene pali batire pamatha kupweteka, ndipo batire lakale linkatha patapita zaka pafupifupi 5, munthu n'kubwereranso ku opaleshoni. Chinthu chotere sungachiike mwa munthu mongoyerekeza.

Kuyesa kaye

Njira imene madokotala anaipeza ndi imene mayi aliyense wogula mbewu pa msika wa Migowi amaidziwa: usagule thumba lonse usanayese pang'ono. Wodwala amagona chafufumimba, mapazi ali pamtunda osafundidwa. Dokotala amabaya mankhwala a dzanzi, kenaka amalowetsa singano yaitali pa kabowo ka S3 n'kuyatsa timagetsi. Apa aliyense m'chipindamo amasiya kuyang'ana singano. Wina amayang'ana pakati pa matako, wina kumapazi. Singano ikakhala pamalo pake, minofu ya kunsi imakokera m'kati n'kubwerera, kukokera n'kubwerera, ngati mvukuto wa wosula makasu, ndipo chala chachikulu chakuphazi chimapindikira pansi chokha. Wodwala akakhala maso amanena kuti akumva kunyerenyetsa kapena kugogoda kunsiko. Ngati mwendo wonse wapotoka, singano yakwera kwambiri, ili pa S2. Ngati mvukuto ulipo koma chala chili duu, yatsika, ili pa S4.

Chala ndi chikhodzodzo zikugwirizana pati? N'chifukwa chakuti mtsempha wa S3 uli ndi nthambi zopita kunsi kwa mimba ndi zina zotsikira kuphazi. Chikhodzodzo sichioneka, chala chimaoneka, choncho chala chimakhala mboni. Kafukufuku wina wa mu 2006 ku America anaonetsa kuti pafupifupi onse amene chithandizochi chinawayanja anali aja amene minofu yawo inayankha motere pa tebulo, ndipo kuyankha kwa minofu kunali chizindikiro chodalirika kuposa zimene wodwala ankanena kuti akumva.

Koma kugwedezeka kwa chala si kuchira. Umboni weniweni umachokera kunyumba. Wodwala amapita ndi kawaya kotulukira pakhungu ndi kabatire komangirira m'chiuno, n'kumalemba m'kope. Asanabwere kudzayesedwa amakhala atalemba kale masiku atatu: wakodza nthawi yanji, wochuluka bwanji, wadzinyowetsa kangati, wasintha thewera kangati, wadzuka kangati usiku. Magetsi akayatsidwa amalembanso chimodzimodzi. Lamulo limene madokotala padziko lonse anagwirizana n'losavuta: vuto likatsika ndi theka kapena kuposa, muikeni batire lokhalitsa. Amene ankadzinyowetsa ka 8 pa tsiku akatsika kufika ka 3, wakhoza. Akatsika kufika ka 6, kawaya kamazulidwa, n'kufuna njira ina.

Ngakhale mayeso omwewa anali ndi chinyengo chake. Kawaya koyesera koyamba kanali kosalala ndipo kankakhala masiku osapitirira sabata. Munthu akawerama kapena kutembenuka pogona, kankasuntha, magetsi n'kumapita kolakwika, ndipo ambiri ankalembedwa kuti alephera pamene cholephera chinali waya. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, dokotala wa ku Italy, Michele Spinelli, ndi anzake anayamba kugwiritsa ntchito kawaya ka timinga tokola mnofu ngati mbedza, kamene kamakhala masabata awiri kapena kuposa, ndipo kakagwira ntchito kamatsala komweko. Pa kafukufuku wina waung'ono wa mu 2007 wa amayi azaka 55 kupita m'tsogolo, oyesedwa ndi kawaya kakale anakhoza osakwana theka, pamene oyesedwa ndi ka timinga anakhoza pafupifupi 9 pa 10 alionse. Anthu ake ofanana, matenda ake ofanana, chosiyana ndi muyeso.

Madokotala akhala akufunitsitsa kudziwiratu zotsatira asanabaye n'komwe singano. Ayesa zaka za munthu: ku Duke University mu 2005, Cindy Amundsen ndi anzake anapeza kuti osakwana zaka 55 ankaumiratu ochuluka kuposa achikulire, komanso kuti amene ali ndi matenda ena okhalitsa atatu kapena kuposa zinkawavuta. Koma kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti agogo ambiri amapindulabe, moti ukalamba pawokha si chifukwa chomukanira munthu. Ayesa makina odzaza chikhodzodzo ndi madzi n'kumayeza mmene chikufinyira. Makinawo amathandiza kudziwa mtundu wa vuto, koma pa kulosera amene magetsi adzamuyanje, sanaonetse luso lenileni. Pali magulu awiri okha amene nkhani yawo ndi yomveka. Amene msana unaduka mitsempha kotheratu, monga pa ngozi ya galimoto, sapindula, pakuti njira ya uthenga palibe. Ndipo atsikana ndi amayi achichepere amene khomo la chikhodzodzo limakana kumasuka popanda chotchinga chilichonse, vuto limene Clare Fowler wa ku London analifotokoza m'ma 1980 ndipo limatchedwa ndi dzina lake, amapindula kwambiri. Ena onse apakatiwa, yankho limachokera m'kope lija. Ine chimandisangalatsa n'chimenechi: chipangizo cha madola masauzande chimadikira chigamulo cha pensulo.

Kubwerera pa benchi

Mayi woyamba uja magetsi sangamuthandize ngakhale atamugulira ndani. Mutu wa mwana unapanikiza chikhodzodzo pa fupa kwa nthawi yaitali, mnofu unafa, panatsala bowo. Amenewa ndi matenda a fistula. Ndowa yobooka siifuna mthenga, imafuna kuwotcherera. Chizindikiro chake n'chakuti mkodzo umayenderera osalekeza, ngakhale ali mtulo, ndipo dokotala akathira madzi a mtundu wa buluu m'chikhodzodzo amaonekera kumene sayenera kuonekera. Ena mwa amayiwa amabweranso akukoka phazi, chifukwa mutu womwe uja unapanikizanso mitsempha yotsikira kumwendo. Ubale wa phazi ndi chiuno uja ukuonekeranso apa, mwa njira yowawa.

Bambo wa ku Chilwa vuto lake likhoza kukhala likodzo lokhalitsa. Tinyongolotsi take, timene Theodor Bilharz anatiwona koyamba ku Cairo mu 1851, timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo chigwa cha Phalombe chili ndi madzi otere ochuluka: madambo a Chilwa, Mpoto, minda ya mpunga, maenje oumbira njerwa. Mazira ake amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka khomalo limachita zipsera, limauma, thumba n'kuchepa. Mankhwala a praziquantel, aja amagawidwa m'masukulu, amapha nyongolotsi koma sabweza khoma limene linauma kale. Thumba lotere ngakhale mutalinong'oneza ndi magetsi silingatambasuke. Bambo ngati ameneyu ayenera kupimidwanso kachiwalo ka abambo kotchedwa prostate, komanso kuonedwa ngati mulibe chotupa, pakuti likodzo lokhalitsa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kukodza magazi si chizindikiro cha kukula.

Watsala mphunzitsi uja. Iyeyu ndiye mabuku a udokotala angati muyeseni. Koma chipangizo cha pa sacrum si chinthu choti angachipeze pa Holy Family kapena ku Migowi, ndipo sindikuona chifukwa chonamizira kuti chili pafupi. Chimene chili pafupi ndi kakolo.

Kuseri kwa fupa lotundumuka la m'kati mwa kakolo, zala zitatu kapena zinayi kukwera m'mwamba, kumadutsa mtsempha wotchedwa tibial, umene mizu yake ina imachokera pa sacrum pomwe paja. A ku China akhala akubaya singano zawo pamalo amenewa kuyambira kale pothandiza mavuto a m'chiuno. Edward McGuire anayesa magetsi pamenepa mu 1983, ndipo Marshall Stoller wa ku San Francisco anakonza njira yake chakumapeto kwa ma 1990. Wodwala amakhala pa mpando, amubaya kasingano kopyapyala, n'kuyatsa timagetsi kwa mphindi 30, kamodzi pa sabata, masabata 12. Umboni woti singano yapeza mtsempha ndi womwe uja: chala chachikulu chimapinda, kapena zala zimatambasuka, pansi pa phazi n'kumanyerenyetsa. Mu 2010 kafukufuku wa anthu 220 ku America anasiyanitsa chithandizo chenicheni ndi chongonamizira. Mwa olandira chenicheni, 54.5 pa 100 alionse anati apezako bwino ndithu, pamene mwa onamizidwa anali 20.9. Taonani chiwerengero chachiwiricho. Munthu mmodzi pa asanu anamva bwino popanda magetsi ofika pa mtsempha, kungoti wina anakhala naye pansi sabata ndi sabata n'kumamufunsa. N'chifukwa chake mawu akuti "ndikupezako bwino adokotala", amene ife Amalawi timanena mwaulemu ngakhale tikumva kuwawa, sakwanira kukhala muyeso.

Palinso njira yosabaya, yomata tizigamba tiwiri pa khungu la kakolo n'kulumikiza ku kamakina ka mabatire kotchedwa TENS, kamene munthu angagwiritse ntchito kunyumba. Kwa wokhala ku Nambazo zimenezi si zazing'ono. Maulendo 12 a kabaza opita kuchipatala, ena m'nyengo imene mitsinje yochokera ku Michesi ndi Mulanje yakwiya, ndi chinthu chimene chingagwetse chithandizo chisanafike pakati, ndipo mtunda ndi mlosi amene mabuku a kunja samulemba. Komabe tisathamange. Ku Britain anayesa tizigambati pa nkhalamba zokhala m'nyumba zosungira okalamba, zambiri mwa izo zoiwalaiwala, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti sizinathandize. Magetsi amakonza uthenga, koma pafunika munthu woti aumve uthengawo, adzuke, akafike kuchimbudzi.

Luso lolosera zotsatira si lachilendo kuno kwathu, ndipo linakulira pa mayi woyamba uja. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo osokera fistula amene anatsegulidwa mu 2012 mothandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula, limene analiyambitsa Ann Gloag wa ku Scotland. Madokotala kumeneko anakumana ndi chinthu chimene osoka fistula onse amachidziwa: bowo likhoza kutsekeka bwinobwino mayi n'kumadonthabe, chifukwa khomo linaonongeka, njira ya mkodzo inafupika, kapena thumba linatsala laling'ono. Mu 2016 Angela Bengtson, Dawn Kopp, Ennet Chipungu, Jeffrey Wilkinson ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa amayi 401 osokedwa pamalopo, n'kupanga njira yopatsira mapointi opaleshoni isanachitike. Ankayang'ana zaka za mayi, zaka zimene wakhala ndi bowo, ngati anasokedwapo kale, malo a bowolo, kuchuluka kwa zipsera, kukula kwa chikhodzodzo ndi kutalika kwa njira ya mkodzo. Wa mapointi ambiri amafunika dokotala wodziwa kwambiri, ndiponso amafunika kuuzidwa zoona asanagone pa tebulo, kuti asabwerere kumudzi atalonjeza anthu kuti wauma.

Chaka chotsatira gulu lomweli linaonetsa muyeso wina wosavuta koposa. Mayi asanatuluke m'chipatala amavala thewera loyezedwa kulemera kwake, amakhala nalo ola limodzi, kenaka amaliyezanso pa sikelo. Ngati lalemera ndi magalamu osapitirira 1.5, mwayi ndi waukulu kwambiri woti miyezi ikubwerayo adzakhala wouma. Palibe batire, palibe waya. Maganizo ake ndi omwe aja a ku San Francisco: yeza chimene chikutuluka, usadalire nkhope ya wodwala.

Choncho mphunzitsi uja, asanaganize za magetsi a mtundu uliwonse, ntchito yake yoyamba ndi kugula kope la mizere pa golosale ndi kupeza botolo la pulasitiki lodulidwa pamwamba, lolembedwa mizere ya mamililita 100, 200, 300. Masiku atatu alembe zonse, kuphatikizapo zimene wamwa. Makope otere amaulula zinthu zimene mwini wake sankaziona: makapu asanu a tiyi wa ku Mulanje asanafike masana, chigubu cha thobwa madzulo, kapena chizolowezi chothamangira kuchimbudzi belu lililonse "kuopa ngozi", chimene chimaphunzitsa thumba kulira lili ndi mamililita 100 okha. Ena amachira pongochepetsa tiyi, kulimbitsa minofu ya kunsi ndi kutalikitsa nthawi pang'onopang'ono, mphindi 15 sabata ino, zina 15 sabata yamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena sachira, ndipo amenewo akatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre amafika atanyamula chinthu chimene dokotala wa chikhodzodzo aliyense, wa ku London kapena wa ku Johannesburg, angayambe wafunsa asanakhudze singano: tsamba la Lolemba, la Lachiwiri ndi la Lachitatu, lolembedwa nthawi kumanzere, mamililita pakati, ndi kamtanda kumanja paliponse pamene chitenje chinanyowa.